Mnzathu Akalowa m'Tchalitchi Mwathu Koyamba

Sukulu za mpingo wathu sizilandira ana a Adventist okhaokha. M'makalasi ndi m'mahositelo tili ndi anzathu Akatolika, a CCAP, a Anglican, a mipingo ya Pentekoste, Asilamu, ndi ena amene kwawo sankapita ku mapemphero alionse. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi muno, pafupifupi 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, ndipo enanso pafupifupi 14 ndi Asilamu. Choncho pa Sabata loyamba la semesita, benchi zambiri zimakhala ndi munthu amene zonse zochitika m'tchalitchi mwathu akuziona koyamba. Munthu wotere safunsa. Amangosuzumira amene wakhala naye pafupi: akaimirira nayenso amaimirira, akagwada nayenso amagwada, koma mochedwerapo pang'ono, ndipo mumtima amadziwa kuti wachedwa.

Nkhani ino ndi ya anthu awiri amene akhala pa benchi imodziyo. Wina ndi mlendo, amene ayenera kudziwa chimene chikuchitika ndi chifukwa chake. Winayo ndi mwini tchalitchi, amene anabadwira m'zimenezi mpaka sazionanso ngati zofunika kufotokoza. Mlendo akabwerera ndi manyazi, kawirikawiri chomukhumudwitsa sichikhala chiphunzitso, pakuti tsiku loyamba munthu sagwira zambiri za ulaliki. Chimakhala kanthu kakang'ono kamene woyandikana naye akanatha kumunong'oneza ndi mawu awiri. Mtumwi Paulo anaiganizira nkhani imeneyi. Pa 1 Akorinto 14:23-25 akupempha mpingo kuti uziyesa mapemphero ake ndi maso a munthu wakunja amene wangolowa, poti munthu ameneyo akhoza kutuluka akuganiza kuti anthu aja mitu yawo sikuyenda bwino, kapena kutuluka atazindikira kuti anali pamaso pa Mulungu.

Tsiku lake ndi liti?

Chisokonezo chimayamba munthu asanaone n'khomo lomwe la tchalitchi, ndipo chimayambira m'chilankhulo chathu. Mukauza mnzanu kuti "tipitire limodzi pa Sabata," akhoza kuvomera ndi mtima wonse, n'kunyika zovala zake m'madzi Loweruka m'mawa pokonzekera mawa lake. Sanakunamizeni. Kwa Amalawi ambiri Lasabata ndi dzina lina la Lamulungu, ndipo mawu omwewo akuti sabata amatanthauzanso mlungu wonse wa masiku 7. Kuwonjezera apo, mayina a masiku m'Chichewa amawerengera kuyambira tsiku loyamba ntchito: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, ndiye Loweruka, tsiku loweruka kuntchito. Powerenga motero Loweruka limagwera pa nambala 6, Lamulungu pa nambala 7. Munthu amene wamva kuti lamulo lachinayi likunena za tsiku lachisanu ndi chiwiri amawerenga pa zala zake n'kukafika pa Lamulungu, kenaka n'kudabwa kuti ifeyo tinasokonezekera pati.

Baibulo limawerenga mwa njira ina. Mauthenga Abwino onse anayi amati Yesu anauka tsiku loyamba la mlungu, limene Akhristu onse amavomereza kuti ndi Lamulungu. Pa Luka 23:54 mpaka 24:1 masiku atatu andandalikidwa motsatana: tsiku lokonzekera limene Yesu anafa, Sabata limene amayi aja anapumula, ndi tsiku loyamba limene anapeza manda alibe mtembo. Lamulungu likakhala loyamba, lachisanu ndi chiwiri ndi Loweruka. Komabe iyi si nkhani yoti tiziitulutsa poitana munthu. Poitana n'kokwanira kunena kuti "Loweruka m'mawa," ndi kumuuza ola.

Chinanso chimene mlendo sadziwa n'chakuti Sabata silidikira kuti kuche. Limayamba dzuwa likalowa Lachisanu n'kutha dzuwa likalowa Loweruka, potsata mawerengedwe a pa Genesis 1, pomwe tsiku lililonse likuyamba ndi madzulo, komanso Levitiko 23:32. N'chifukwa chake Lachisanu masana pa hositelo pamakhala piringupiringu: kulimbirana simbi, kupolisha nsapato, kusesa, kusamba msanga. Ola lake silikhazikika. Mu June ndi July dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira, pomwe mu December ndi January limapitirira 6 koloko. Mnzathu watsopano akaona kuti laibulale yatsekedwa ndipo mpira wathetsedwa kukanawala, si zachilendo kuti aganize kuti kwagwa maliro. Mapemphero otsegulira Sabata a Lachisanu madzulo ndi aafupi, nyimbo zimachuluka kuposa mawu, ndipo anthu sayang'anana zovala. Kwa munthu wamanyazi, amenewa ndiwo abwino kuyambira.

Mapemphero awiri m'mawa umodzi

Amene anazolowera Misa kapena mapemphero a Lamulungu amayembekezera chinthu chimodzi chokhala ndi poyambira ndi pothera. Kwathu m'mawa wa Sabata muli zigawo ziwiri zikuluzikulu, ndipo zonse pamodzi zimadya maola atatu kapena anayi. Kumuuza mlendo zimenezi dzulo lake n'kumuchitira chifundo, kuti adye kadzutsa mokwanira.

Chigawo choyamba ndi Sukulu ya Sabata, imene kawirikawiri imayamba cha m'ma 9 koloko, nyimbo zitayamba kale. Dzinali limasocheretsa, poti m'mipingo yambiri Sande sukulu ndi ya ana. Kwathu agogo a zaka 80 amakhalanso m'kalasi. Mwambowu ndi wakale kuposa mpingo weniweniwo: James White anayamba kusindikiza maphunziro a Sabata mu 1852, pomwe mpingo unakhazikitsidwa mwadongosolo mu 1863 ku Battle Creek, m'dziko la America. Chaka chimagawidwa m'makotala anayi, kotala iliyonse ndi kabuku kake ka maphunziro 13, phunziro limodzi pa mlungu, ndipo mutu umene tikukambirana kuno ndi womwewo umene akukambirana a Adventist a ku Lusaka, ku Manila ndi ku São Paulo tsiku lomwelo.

Ikafika nthawi ya makalasi, mpingo umagawikana m'timagulu, ena m'ngodya za tchalitchi, ena pansi pa mitengo, ndipo aphunzitsi angapo amayamba kulankhula nthawi imodzi. Kwa mlendo amene kwawo m'tchalitchi mumalankhula munthu mmodzi, phokosoli limamveka ngati pa msika. Apa mpamene amasokera kwambiri, chifukwa anthu onse anyamuka ndipo aliyense akudziwa kopita kupatula iye. Amene wakhala naye pafupi angomuuza kuti "tiyeni kukalasi kwathu," n'kumugawirako kabuku. M'kalasimo aliyense ali ndi ufulu wofunsa ndi wotsutsa. Koma mphunzitsi wanzeru samuloza mlendo ndi funso, ndipo samufunsa kuti wawerenga phunziro masiku angati. Chizolowezi china choyenera kuchisiya pakakhala alendo, ndipo kunena zoona ngakhale pasakhale alendo, ndi chotenga mipingo ina ngati chitsanzo cha zolakwika zonse. Munthu amene mayi ake ndi a Mvano kapena bambo ake ndi katekisiti sakumva chiphunzitso pamenepo. Akumva makolo ake akunyozedwa.

Mu Sukulu ya Sabata mumakhalanso nkhani ya umishoni, yosimba za ntchito ya mpingo kudera lina la dziko lapansi, ndi chopereka chake. Sabata la nambala 13, lotsiriza m'kotala, gawo la chopereka limapita ku ntchito zosankhidwa za dera limenelo, monga kumanga sukulu kapena chipatala.

Kenaka pamabwera zilengezo, zimene nthawi zina zimatalika kuposa ulaliki, ndipo cha m'ma 11 koloko chigawo chachiwiri chimayamba: chipembedzo chachikulu, chimene ambiri timangochitchula kuti divaini. Otsogolera amalowa pamodzi n'kugwada ku guwa, mpingo uli chete kapena ukuimba motsitsa. Pamatsatira nyimbo, kuwerenga Malemba, pemphero lalitali limene onse amagwada, zopereka, nthano ya ana, kwaya, ndiye ulaliki. Ndondomekoyi imasiyanako pang'ono mpingo ndi mpingo, koma mafupa ake ndi amenewa.

Mlendo amaona zimene zilipo, koma amaonanso zimene palibe. Mkatolika polowa amafuna madzi odalitsidwa pakhomo, sawapeza. Amayang'ana kutsogolo kuti agwadire, n'kupeza kuti pakati pali guwa lolalikirapo, chifukwa m'mapemphero athu pachimake ndi Mawu olalikidwa. Akachita chizindikiro cha mtanda pemphero lisanayambe, wachita chimene dzanja lake linaphunzira ali wakhanda, ndipo palibe chifukwa choti wina atembenuke. Wa CCAP amadikira Chikhulupiriro cha Atumwi kuti anene nawo pamtima, koma sichibwera, chifukwa mpingo wathu unasankha kusakhala ndi chivomerezo cholakatula m'mapemphero, ponena kuti Baibulo ndilo muyeso. Wa Pentekoste amadikira nthawi yoti onse apemphere mokweza pamodzi, ng'oma ndi magitala zilire, koma amapeza anthu akuimba m'mawu anayi, nthawi zambiri popanda choimbira chilichonse kapena ndi kiyibodi yokha. Kwaya ikamaliza iye amaomba m'manja, n'kupeza kuti m'mipingo yathu yambiri anthu amangoyankha kuti Amen. Kuomba m'manja wekha m'chipinda cha anthu mazana atatu kumawawa kwambiri. Kumwetulira kwa woyandikana naye kumachiza msanga.

Msilamu amene sanalowepo m'tchalitchi chilichonse ali ndi mafunso akeake. Ku mzikiti nsapato zimatsala pakhomo, ndipo munthu amasamba m'manja, kumaso ndi mapazi asanaswali. Iye afuna kudziwa ngati avule nsapato, ngati amuna ndi akazi amakhala kosiyana, ndiponso ngati kugwada nawo kukutanthauza kuti wasiya chipembedzo cha makolo ake. Yankho n'lakuti nsapato sitivula. Pa koleji anthu amakhala mosakanikirana, ngakhale m'mipingo ina ya kumudzi abambo amakhala mbali yawo ndipo amayi mbali yawo. Ndipo amene sakufuna kugwada akhoza kukhala pa benchi mwaulemu popanda womufunsa.

Nyimbo timaimba za m'buku la Khristu mu Nyimbo. Amene anakulira pa Nyimbo za Mulungu amazindikira mamvekedwe a zambiri mwa izo, n'kuyamba kuimba molimba mtima, kenaka n'kupeza kuti mawu asiyana ndipo manambala sakugwirizana. Wotsogolera akangotchula nambala, ife eni tchalitchi timayamba pamtima. Ndiye mpofunika kutsegula buku kapena foni n'kuigwira pakati pa anthu awiri, ngakhale nyimboyo tikuidziwa ngati dzina lathu. Chimodzimodzi ndi Baibulo: wolalikira wa Adventist amadumpha kuchoka ku Danieli kupita ku Chivumbulutso n'kubwerera ku Levitiko m'mphindi zisanu, ndipo wosazolowera amatsala akufufuza tsamba la zam'katimu. Akabwera ndi Buku Loyera pomwe wolalikira akuwerenga Buku Lopatulika, mawu adzasiyana, koma mavesi ndi omwewo.

Wolalikirayo nayenso amadabwitsa. Mlendo amafunsa kuti abusa ndi ati, n'kuuzidwa kuti lero kulibe. M'madera ambiri mbusa mmodzi amayang'anira mipingo ingapo, motero masabata ambiri amalalikira ndi mkulu wa mpingo, amene masiku ena onse ndi mphunzitsi, mlimi kapena namwino. Pa koleji akhoza kukhala wophunzira mnzathu amene dzulo tinali naye pa mzere wa nsima. Savala mkanjo. Ovala yunifomu amene mlendo angawaone ndi amayi a Dorika, otchedwa dzina la mayi wothandiza osauka wa pa Machitidwe 9, ndi achinyamata a Pathfinder ndi mipango yawo yachikasu m'khosi.

Pali mphindi ziwiri zimene mlendo amaziopa kuposa zina. Yoyamba ndi yolandira alendo, pamene wolengeza amapempha onse obwera koyamba kuti aimirire, anene dzina, kumene achokera ndi mpingo wawo. Cholinga n'chabwino, ndipo m'bale wa Adventist wochokera ku mpingo wina amaimirira mosangalala n'kupereka moni wa kwawo. Koma kwa mtsikana wa chaka choyamba amene wazembera mawu a bambo ake kuti abwere, kutchula mpingo wake pamaso pa khamu ndi mayeso aakulu. Ife tikuona kuti funso la mpingo lingachotsedwe popanda chotayika, ndipo womuitanayo ndiye aziimirira naye n'kumutchulira dzina. Amene wasankha kukhala pansi asatokosedwe ndi chigongono.

Mphindi yachiwiri ndi ya mbale ya zopereka. Mlendo amaona anthu akuponya maenvelopu olembedwa n'kuganiza kuti pali msonkho umene iye sanakonzekere. Maenvelopuwo ndi a chakhumi, gawo limodzi mwa magawo 10 a zimene membala wapeza, ndi zopereka zina zimene mwini wake wasankha. Chakhumi sichitsala pa mpingo wa pamalopo. Msungichuma amachitumiza ku likulu la mpingo la dera limenelo, kumene kumachokera malipiro a abusa. Izi ndi za mamembala. Mlendo akapatsira mbale kwa mnzake osaikamo kanthu, sanalakwire aliyense.

Za zovala tinene mwachidule, poti Yakobo 2:1-4 ananena kale mokwanira za mpingo umene umapereka mpando poyang'ana chovala. A Adventist amaphunzitsidwa kuvala modzilemekeza ndi kupewa ndolo, mikanda ndi zibangili. Chiphunzitso chimenechi ndi cha amene anachiphunzira n'kuchivomera. Dikoni amene angaimitse mlendo pakhomo chifukwa cha ndolo kapena buluku wamutsekera munthu kunja asanamve liwu ndi limodzi lomwe la uthenga.

Sabata la Mgonero

Mgonero wa Ambuye umachitika kawirikawiri kamodzi pa kotala, ndipo mlendo amene ulendo wake woyamba wagwera pa Sabata limeneli amafunika womugwira dzanja kuposa wina aliyense. Ulaliki umakhala waufupi. Kenaka mwadzidzidzi anthu onse amanyamuka, abambo kulowera kwina, amayi kwina, ndipo kumeneko amapeza mabeseni, madzi ndi matawulo zimene madikoni akonza. Anthu amakhala awiriawiri. Mmodzi amagwada n'kusambitsa mapazi a mnzake, n'kuwapukuta, kenaka amasinthana, n'kupemphera pamodzi.

Maziko ake ali pa Yohane 13, pamene Yesu usiku wa Mgonero anatenga ntchito ya kapolo n'kusambitsa mapazi a ophunzira ake, ndipo atamaliza anawauza kuti azichitirana zomwezo. Akatolika amaudziwa mwambowu kuchokera pa Lachinayi Loyera, pamene wansembe amasambitsa mapazi a anthu ochepa osankhidwa, ena onse akuonerera. Kwathu aliyense amasambitsa ndipo aliyense amasambitsidwa. Timautcha mwambo wa kudzichepetsa, ndipo ndi nthawi imene anthu amene anayambana amayenera kufunana n'kukonza zinthu asanafike pa gome. Mphunzitsi wamkulu akhoza kugwada pamaso pa wophunzira amene anamulepheretsa mayeso mwezi watha. M'chikhalidwe chathu, mmene wamng'ono ndiye amagwadira wamkulu ndi kumuthirira madzi osamba m'manja, chimenechi si chinthu chaching'ono kuchiona.

Koma taganizirani munthu amene sanauzidwe. Wavala sokosi yobooka. Mapazi ake ali ndi ming'alu ya chilimwe. Mwina kwawo phazi la munthu siligwiridwa ndi mlendo. Aliyense wapeza mnzake, iye waima pakhoma. Pa mphindi imeneyo munthu amalumbira mumtima kuti sadzabweranso. Zonsezi zimapeweka ndi chiganizo chimodzi chonenedwa Lachinayi kapena Lachisanu: "Sabata lino kuli Mgonero, tidzasambitsana mapazi, mukafuna ndidzakhala nanu, mukapanda kufuna mudzangoonerera." Womuitanayo asamusiye n'kuthamangira mnzake wa masiku onse.

Anthu akabwerera m'tchalitchi amalandira mkate wopanda chotupitsa ndi madzi a mphesa osasasa, m'timakapu ting'onoting'ono, atakhala m'malo mwawo. Aliyense amagwira gawo lake kudikira kuti onse alandire, kenaka amadya nthawi imodzi. Ichi n'chofunika kumunong'oneza mlendo, chifukwa kumene anazolowera munthu amadya akangolandira. Mgonero wathu ndi wotseguka: aliyense amene anapereka moyo wake kwa Khristu akhoza kudya nawo, ngakhale si wa Adventist, ndipo palibe amene amafunsidwa khadi. Kutseguka kumeneku si kukakamiza. Mkatolika wokhulupirika amaphunzitsidwa ndi mpingo wake kuti asalandire mgonero m'mipingo ngati wathu, ndipo akakana mbale akusunga chikumbumtima chake, chinthu chimene ife a Adventist, amene timapempha aphunzitsi ndi mabwana kuti alemekeze chikumbumtima chathu pa nkhani ya Loweruka, tiyenera kukhala oyamba kuchimvetsa.

Mapemphero akatha

Ulaliki ukamatha, wolalikira nthawi zina amapempha amene akhudzidwa kuti aimirire kapena apite kutsogolo. Mmalawi ndi munthu waulemu. Akaona kuti onse a pa benchi yake aimirira, nayenso amaimirira kuopa kuoneka wamwano, kenaka usiku sagona, akudzifunsa ngati walowa mpingo mosadziwa. Tinene momveka: kuimirira si kulembetsa. Munthu amakhala membala wa Adventist akaphunzira m'kalasi ya ubatizo, momwe amadutsa ziphunzitso 28 za mpingo, n'kuvomereza yekha pamaso pa anthu, n'kubatizidwa pomizidwa m'madzi. Makanda sitiwabatiza, timangowapereka kwa Mulungu ndi pemphero. Makolo ambiri amene amatumiza ana ku sukulu za mpingo amakhala ndi nkhawa kuti mwana adzabwerako atasinthidwa mokakamiza. Wophunzira amene wauzidwa bwino zimenezi amatha kuwatsimikizira makolo ake pa foni kuti palibe amene wamukoka dzanja.

Potuluka, wolalikira ndi akulu amaima pakhomo kupereka moni, ndipo paliponse pamamveka "Sabata labwino." Apa mpamene mlendo amatsala yekha kachiwiri, chifukwa eni tchalitchi amathamangira magulu awo, wina ku komiti, wina kukayeserera kwaya. Akale anati mlendo ndi mame, ndipo mame a pa khomo la tchalitchi amauma m'mphindi zisanu. Nkhomaliro ya Sabata ndiyo imagwira munthu. Mabanja ambiri amaphika Lachisanu, ndipo amaphika moonjezera poyembekezera pakamwa pena. M'mipingo ina anthu amasonkhanitsa zakudya n'kudyera pamodzi pa mkeka.

Pa mbale pamabuka mafunso amene m'tchalitchi sanafunsike. Potsata Levitiko 11, a Adventist sadya nkhumba, mbewa, ndi nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango. Chambo ndi usipa zilibe vuto. Mowa ndi fodya n'zoletsedwa, ambiri amapewanso tiyi ndi khofi, ndipo ena sadya nyama iliyonse. Msilamu amapumira m'mwamba akamva za nkhumba. Mnyamata wa ku Nsanje kapena ku Nkhotakota amene anakulira pa mlamba amaseka, n'kufunsa kuti nsomba inalakwanji. Funso lotere ndi labwino, ndipo liyankhidwe mwa nthabwala momwe labwerera, osati ndi ulaliki wachiwiri nsima ikuzizira.

Mafunso a mlendo asatiopse ngakhale akhale olasa. Mbiri ya mpingo wathu imasimba za mayi wina, Rachel Oakes, wa mpingo wa Seventh Day Baptist, amene anapita kukakhala ndi mwana wake wamkazi ku Washington, m'chigawo cha New Hampshire ku America. Kumeneko anakalowa m'mapemphero a anthu oyembekezera kubweranso kwa Yesu, amene pa nthawiyo ankapembedza Lamulungu. Mlaliki wawo, Frederick Wheeler, potsogolera Mgonero ananena kuti odya pa gomelo ayenera kukhala osunga malamulo onse a Mulungu. Mayiyo anaugwira mtima mpaka mapemphero anatha, koma atakumana naye pambuyo pake anamufunsa za lamulo lachinayi. Wheeler anakafufuza, ndipo mu 1844 anayamba kusunga Sabata. Ndiye kuti tsiku limene lili m'dzina la mpingo wathu linalowa pakati pa a Adventist kudzera mwa munthu amene anakhala pa benchi ngati mlendo. Kalumo kakuthwa kaja kanalidi m'thumba mwake. Kunonso ku Malawi, malo a Malamulo ku Thyolo anayamba ngati mishoni ya Plainfield ya a Seventh Day Baptist, imene Joseph Booth anatsegula, ndipo a Adventist anaigula mu 1902, chaka chimene Thomas Branch ndi banja lake anafika kudzayamba ntchito ali alendo osadziwa chilankhulo.

Masana a Sabata kumakhala kuphunzira Baibulo, mapologalamu a achinyamata, kapena kukayendera odwala kuchipatala ndi okalamba m'midzi yoyandikana nafe. Mlendo amene wakhala pa benchi kuyambira 9 koloko ali ndi ufulu wotopa. Kumuuza kuti masana akhoza kukapumula, ndipo mudzamutenga pa nthawi yotsekera Sabata ngati afuna, n'kwabwino kuposa kumusunga mpaka mdima chifukwa akuchita manyazi kutsanzika. Amene angasankhe chimodzi mwa za masana, ulendo wa kuchipatala ndiwo umamuonetsa zambiri, chifukwa kumeneko palibe ndondomeko yoti aiphonye: amanyamula nawo sopo ndi malalanje, amaimba nawo nyimbo imene akuidziwa.

Alembi a mpingo kawirikawiri amapempha alendo kuti alembe dzina ndi nambala ya foni. Mlendo akhoza kukana, ndipo akalemba, nambalayo isasanduke ya gulu lonse la pa WhatsApp iye asanavomere. Woyenera kumufunsa za mmene anaonera ndi yemwe uja anakhala naye pa benchi, ndipo nthawi yabwino si Loweruka lomwelo ayi, koma Lachiwiri kapena Lachitatu, popita kukalasi, zimene anaona zitakhazikika. Funso lakuti "munasangalala?" limabala yankho laulemu lokha. Lakuti "n'chiyani chinakudabwitsani?" limatsegula pakamwa, ndipo kawirikawiri yankho lake limakhala la mapazi, la mlamba, kapena la chifukwa chimene anthu sanaombe m'manja kwaya itaimba bwino chotere.